Botolo Limene Linadutsa Pamphuno pa Amayi

MUTU 6

1. Shedi ya kuseri kwa msika

Kuseri kwa msika, kumene anthu ovala bwino amadutsa atatseka mphuno, kunali shedi ya malata okhaokha. M'menemo munkagwira ntchito gulu la amayi otolera ndi kusankha mabotolo a pulasitiki. Anthu ankawatcha amayi a m'zinyalala, koma iwo sankataya nazo tulo. Ankati wonyoza zinyalala ndi yemweyo amene amazitaya.

Ntchito yawo inali ndi dongosolo. Mabotolo akafika, ankawakhuthulira pansi. Ena ankachotsa zitsekerero, ena kusenda mapepala, ena kupatula oyera paokha ndi amitundu paokha. Oyerawo ankadutsa pa tebulo lalitali, kenaka n'kulowa m'makina owaphwanya, amene amayiwo ankangowatcha chigayo. Chigayocho chinkalavula tizidutswa tonga zikhadabo. Tizidutswato ankatitsuka, kutiyanika padzuwa ndi kutisokerera m'matumba kuti tidikire lole ya ku fakitale.

Pa tebulo lalitali lija pankakhala munthu mmodzi yekha, mayi ake a Kabotolo. Ntchito yawo inali yonunkhiza. Musaseke, inali ntchito yaikulu kuposa zonse m'shedimo. Anthufe botolo la zakumwa sitilitaya msanga. Wina amathiramo palafini, wina oyilo wa njinga yamoto, wina mankhwala ophera mbozi kudimba. Akalitsukuluza limaoneka ngati lachokera m'sitolo, koma fungo limatsalira. Mayiwo ankangolidutsitsa pamphuno kamodzi, n'kunena kuti, "Palafini," kapena "Oyilo," n'kuliponya kumbali. Sankaphonya. Anzawo anawapatsa dzina loti a Mphuno, ndipo iwo ankalikonda kuposa limene anabadwa nalo.

Kabotolo anali mwana wawo woyamba, mtsikana wa ku sekondale. Dzinali analitenga ali khanda, chifukwa ankamugoneka m'katoni pakati pa mabotolo mayi ake akamagwira ntchito. Bambo ake anamwalira mlongo wake wamng'ono asanayambe kuyenda. Kuchokera pamenepo, chilichonse pakhomo pawo chinkadalira mphuno imeneyo.

Chaka chimenecho gulu linachita mwayi. Kampani ina yoitanitsa zakumwa kunja inavomera kumagula tizidutswa tawo. Atcheya a gululo, mayi wamtali wa mawu aakulu, anali mnzawo wa a Mphuno kuyambira pamene shediyo inalibe n'chitseko chomwe. Tsiku lofotokoza nkhaniyi anaimitsa chigayo n'kukwera pa kreti yopanda kanthu.

"Amayi anzanga, tamverani ndi makutu onse awiri," anatero atcheya. "Kale tizidutswa tathu tinkakapanga ndowa ndi mabeseni. Beseni likanunkha palafini palibe amafa nalo. Tsopano zasintha. Kampani iyi ikufuna kuti mabotolo amene imaitanitsa kunja azipangidwa ndi pulasitiki wathu yemweyu. Tizidutswa tathu tikwera sitima, tikasungunulidwa, tikasanduka mabotolo atsopano, n'kubwerera konkuno muli madzi a zipatso. Mwana wanu adzamwa, adzataya, inu mudzatolanso. Botolo silichoka ayi, limangozungulira. Ndiye mukalola poizoni kulowa m'thumba musamati mwatumiza kutali. Mwatumiza pakamwa pa mwana wanu, kungoti mwadzera njira yaitali. Ku fakitale atiuza mosabisa kuti amayeza katundu yense. Akapezamo mankhwala, lole ibwerera ndipo ubale uthera pomwepo. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. A Mphuno, gulu lonseli lakhala pamphuno panu."

"Mphuno yanga sinandinamizepo," anayankha a Mphuno. "Anandinamizapo ndi anyamata okha ndili mtsikana."

Shedi yonse inafa nacho chiseko, ndipo chigayo chinalizidwanso.

2. Bulauzi yopserera

Nyengo yozizira itafika, a Mphuno anadwala chimfine chachikulu. Anagona masiku angapo, kenaka anadzuka n'kubwerera ku tebulo lawo. Aliyense anati achira.

Lamlungu lina masana Kabotolo ankatsuka mbale panja, mayi ake akusita zovala m'nyumba. Mwadzidzidzi anamva fungo la nsalu yopserera. Anathamangira m'kati manja ali thovu lokhalokha. Simbi inali itakhala pa bulauzi yake ya kusukulu, utsi uli tolotolo. Mayi ake anali pomwepo, atafulatira tebulo, akupinda mabulangete uku akuimba.

"Amayi, bulauzi ikupsa!"

A Mphuno anatembenuka n'kukweza simbi. Pamsana pa bulauziyo panali chizindikiro chakuda.

"Simunamve fungo?" anafunsa Kabotolo. "Ine ndalimva ndili panja."

Mayi ake anaika simbi pansi. Anakhala pamphepete pa bedi.

"Tseka chitseko," anatero.

Kabotolo anatseka.

"Chichokereni chimfine chija sindikumva fungo lililonse, mwanawe. Sopo, anyezi, utsi, zonse ndi mphepo chabe. Dzulo ndinaika mphuno pa botolo lathu la palafini mpaka maso anatuluka misozi, koma fungo osalimva."

"Nanga ku tebulo mukumachita bwanji?"

"Ndikumayang'ana ndi maso. Ndikaona lothimbirira ndimaliponya kumbali n'kutchula dzina lililonse limene labwera m'mutu. Palibe amandifunsa."

"Tikawauze atcheya, amayi."

"Tikawauze kuti chiyani? Kuti a Mphuno alibe mphuno? Msana wangawu sungasenze thumba. Pa chigayo sindingaimepo. Popanda mphuno ndine ndani m'shedi muja? Ku chipatala andiuza kuti nthawi zina imabwerera yokha. Ndipatse kanthawi. Ndilonjeze kuti suuza munthu."

Kabotolo analonjeza. Ndani akanakana, mayi ake omubala atamugwira manja onse awiri, misozi ili m'maso?

3. Chifuwa chabodza

Mwana wa ng'ona salephera kusambira. Kabotolo anatengera mphuno ya mayi ake, ndipo awiriwo anapangana nzeru.

Akaweruka kusukulu ankapita molunjika ku shedi. Ankakhala kumapeto kwa tebulo lalitali ngati akuthandiza kusenda mapepala. Botolo loipa likamadutsa, ankatsokomola kamodzi. Mayi ake ankalibweza pamphuno, n'kukwinya nkhope, n'kuliponya kumbali. Mabotolo okayikitsa a m'mawa ankawabisira m'thumba pansi pa tebulo kuti Kabotolo adzawanunkhize masana.

"Iwe Kabotolo, chifuwa chakochi n'cha ulesi," anamuseka tsiku lina mayi woyendetsa chigayo. "Chimangoyamba ukaona ntchito."

Onse anaseka, ndipo a Mphuno anaseka kwambiri kuposa anzawo.

Nzeruyi inali ndi chibowo chimene ngakhale mwana akanachiona. M'mawa Kabotolo ankakhala m'kalasi, pamene chigayo sichinkadikira belu la kusukulu. Tsiku la lole litayandikira, ntchito inachuluka. Atcheya ankangozungulira akuomba m'manja kuti anthu afulumire. Thumba la pansi pa tebulo linayamba kuchepera mabotolo onse a m'mawa.

Kabotolo ankafunsa tsiku lililonse pobwerera kunyumba, "Lero mwamvako kanthu, amayi?"

"Mawa," ankayankha mayi ake. "Ndikuona ngati mawa."

4. Thumba la mlimi wa kudimba

Tsiku la lole Kabotolo anafika ku shedi n'kupeza amayi akuimba. Matumba osokedwa bwino anali ndandanda pakhomo. Uyu anali katundu woyamba wopita kunja, ndipo ena anali atavala zovala za kutchalitchi pansi pa maepuloni.

Atawerama kuti aike chikwama chake pansi pa tebulo, fungo linamumenya. Linali lakuthwa, ngati adyo woola wosakaniza ndi palafini. Analilondola mpaka pa thumba lalikulu limene linali litapindidwa pakona. M'kati munatsala mabotolo ochepa, oyera mbee, onyezimira.

Ananyamula limodzi n'kupita nalo kwa mayi ake.

"Amayi, awa achokera kuti?" ananong'ona.

"Wabweretsa m'mawa mlimi wina wa kudimba. Otsukatsuka bwino. Ndinati koma munthu waukhondo."

"Ndi a mankhwala a mbozi, amayi. Onse."

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mlimiyo ankasungiramo mankhwala opopera mbewu zake, ndipo asanawagulitse anawatsukuluza kuti aoneke bwino. Sankafuna kupha munthu. Ankaganiza kuti akuwachitira amayiwo ulemu.

"Ena onse ali kuti?" anafunsa Kabotolo.

A Mphuno analoza ndi mlomo ku chigayo.

"Ali m'thumba liti? Tilichotse msanga."

"Si thumba limodzi." Mayi ake analankhula osamuyang'ana. "Matumba anali osadzaza bwino. Atcheya anati tizidutswa ta m'mawa tikauma tidzadzitsire monsemo tisanasoke."

Kabotolo anayang'ana mzere wa matumba uja. Palibe wina amene anamva kanthu. Tizidutswato tinali titatsukidwa ndi sopo, ndipo mphuno za amayi enawo zinazolowera kale fungo la m'shedi. Komanso akananunkhiziranji, a Mphuno alipo?

"Atsukidwa, mwanawe," anatero mayi ake mofulumira. "Ku fakitale akatsukanso ndi madzi otentha. Mwina sakaona."

"Nanga akakaona?"

"Akati ndi gulu lonse. Sakatchula dzina langa."

"Nanga akapanda kuona, amayi? Adzamwera ndani?"

A Mphuno anamugwira pamkono mpaka zala zinalowa m'mnofu.

"Unandilonjeza," anatero.

Kunja kunamveka hutala ya lole.

5. Lole pakhomo

Lole inalowa chafutambuyo mpaka pakhomo pa shedi. Dalaivala, bambo wonenepa wokonda nthabwala, anatsika akupukuta thukuta.

"Amayi, zinyalala zanu zikupita kunja ine ndisanapiteko!" anafuula. "Mundisokere m'thumba nanenso."

Amayi anayamba kukweza matumba awiriawiri, nyimbo ili pakamwa. Kabotolo anaima pafupi ndi chitseko, botolo lija atalibisa kumbuyo. Mtima unkamupweteka kwambiri. Mayi ake anali pa tebulo lawo, manja atawaika pamiyendo, maso ali pa iye.

Thumba lomaliza linakwera. Dalaivala anaponya chingwe pamwamba pa tenti yophimba katundu n'kuyamba kumanga.

"Atcheya," anaitana Kabotolo. Mawu anatuluka aang'ono, ndipo palibe anamva. Anaitananso. "Atcheya, matumbawa asapite."

Nyimbo inaduka.

"Wati chiyani, mwana iwe?" anafunsa atcheya.

"Muli mankhwala a mbozi."

"Mwana uyu sukulu yamuzunguza mutu," anatero mayi wa pachigayo. "Mabotolo onsewa adutsa pamphuno pa mayi ako. Iwe ndi ndani?"

Kabotolo anatambasula dzanja n'kupereka botolo lija. Atcheya analiyandikiza kumphuno, n'kubweza mutu msanga ngati alumidwa ndi mavu. Analipereka kwa wina, winayo kwa wina, ndipo aliyense ankalavula. Kenaka anakwera pa lole, n'kutumbula thumba limodzi ndi mpeni, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Ananunkhiza tizidutswa tija nthawi yaitali. Pansi pa fungo la sopo, linalo linali momwemo. Anatumbula lina la kumbuyo, ndipo zinali chimodzimodzi.

Atatsika anapita ku tebulo lalitali.

"Mnzanga, chachitika n'chiyani? Munali ndi tulo?"

"Mwina mabotolowo analowa m'chigayo amayi atatuluka panja," anatero Kabotolo mofulumira. Anali kuyesa kutseka ndi chikhato denga limene analiboola yekha.

"Ayi," anatero mayi wa pachigayo, tsopano motsitsa mawu. "Ndinawalandira m'manja mwawo."

Atcheya anayang'ana mnzawoyo, n'kuyang'ana Kabotolo. Kenaka anapita kuseri kwa chigayo, n'kubwerako ndi botolo lina loyera lopanda chitsekerero.

"Tanunkhizani ili, mundiuze munali chiyani."

A Mphuno analilandira ndi manja awiri. Analiika pamphuno n'kukoka mpweya mwamphamvu. Anakokanso. Kenaka anatembenuza maso kwa mwana wawo, kudikira chifuwa chija. Kabotolo anayang'ana pansi. Analibe chotsokomolera.

Mayiwo anakwinya nkhope monga ankachitira masiku onse.

"Limeneli ndiye loopsa," anatero. "Mankhwala omwe aja."

Atcheya anapukusa mutu.

"Ili ndi botolo langa," anatero atcheya pang'onopang'ono. "Ndamwera madzi posachedwapa."

6. Mawu a atcheya

Kutsitsa matumba kunali kopanda nyimbo. Ntchito ya nyengo yonse inabwerera pansi thumba ndi thumba. Tizidutswato tsopano tinali toyenera kwa opanga mizati ya pulasitiki ya mipanda basi. Dalaivala nthabwala zinamuthera. Anati akanena ku fakitale kuti katundu sanakonzeke, koma sakudziwa ngati adzamutumenso. Lole inatuluka yopanda kanthu.

Mayi wina wachikulire anadutsa pafupi ndi Kabotolo n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mako ndi mako angachepe mwendo," anatero. "Ukanamukokera pambali. Wamuvula pagulu mayi wokubala."

"Musiyeni mwanayo," anatero atcheya. "Khalani pansi nonse."

Amayi anakhala pa matumba. A Mphuno anatsala pa tebulo lawo, botolo la madzi lija likadali m'manja. Atcheya sanakwere pa kreti tsiku limenelo.

"Mnzanga, ine ndi inu tinayamba ntchito iyi tikutola m'ngalande ndi manja opanda magolovesi. Amuna anu atamwalira ndinagona kwanu mpaka misozi inauma. Lero mwandibisira chimfine? Kudwala si mlandu. Mphuno ndi ya Mulungu, amapereka ndipo amatenga. Mukanabwera kwa ine n'kunena kuti mphuno yagona, tikanakhala pansi. Tikanasankha atsikana awiri kuti muwaphunzitse, inu mutakhala pampando pomwepo ngati mphunzitsi wawo. Dzina lanu likanakula. Koma munasankha kukwinya nkhope pa mabotolo amene simukuwamva, ife tikukhulupirira. Amayi onsewa anasiya kununkhiza chifukwa cha inu. Munthu amene anzake amudalira akayamba kunamizira, amagwetsa onse amene amutsamira. Ndipo chimene chandiwawa kwambiri n'choti mwasenzetsa mwana katundu wa akulu. Mwana uyu wakhala akutsokomola pano ife tikumuseka, osadziwa kuti akugwira ntchito ya mayi ake. Nanunso amayi, mukuti wavula mayi ake pagulu. Lole ija ikanapita, akanativula tonse ndi anthu osatidziwa, ndipo sakanatibwezera nsalu. Kapena sakanaona kanthu, botolo n'kubwerera, n'kumwera mdzukulu wanu. Mukanakonda ziti?"

Atcheya anapukuta m'maso ndi epuloni n'kutembenukira kwa Kabotolo.

"Funso limodzi latsala, ndipo undiyankhe zoona. Lole isanafike, mayi ako amadziwa kuti m'matumbamu muli mankhwala?"

Misozi ya Kabotolo inayamba kugwera pa bulauzi.

"Musamufunse mwana," anatero a Mphuno. "Ndimadziwa. Anandiuza, ine ndinamuletsa."

"Ndiye lamulo mukulidziwa," anatero atcheya. "Tinalipanga limodzi, ndipo amene analiumirira ndinu. Wolola poizoni kudutsa akudziwa, achoke m'gulu."

A Mphuno anaika botolo pa tebulo bwinobwino, ngati lingasweke. Anavula epuloni, n'kuipinda, n'kuisiya pampando. Anadutsa pakati pa anzawo mutu uli chilili. Pakhomo anadutsa mwana wawo osamuyang'ana.

7. Alendo a Loweruka

Kabotolo ankayembekeza kukalipiridwa, ngakhale kumenyedwa kumene. Akanakondwera nazo. Koma mayi ake sanamukalipire. Ankaphika, kuchapa ndi kusesa monga kale. Ankamuuza kuti, "Katunge madzi," kapena "Musambitse mlongo wako," basi. Ntchito zikatha ankakhala pakhonde n'kumayang'ana msewu wopita ku msika. Kuimba kunatheratu m'nyumbamo.

Tsiku lina Kabotolo anagwada pafupi nawo.

"Amayi, pepani."

"Ukupepesa chiyani? Unanena zoona."

"Koma ndinakulonjezani."

"Eya, unandilonjeza," anatero mayi ake. "Kaone ngati madzi awira."

Kukhululukidwa sanakhululukidwe, kudzudzulidwa sanadzudzulidwe. Kabotolo anaphunzira kuti munthu ungachite chinthu cholondola, mtima n'kumapwetekabe ngati wapalamula. Kusukulu ankangoyang'ana bolodi osaona zolembedwa.

Loweruka lina m'mawa, akuyanika zovala, anaona atcheya akubwera m'kanjira ka pakati pa nyumba. Anathamanga kukatenga mpando. Mayi ake anatuluka akukonza mpango kumutu, ndipo amayi awiriwo anapatsana moni wautali ngati anthu ongodziwana kumene.

"Ndabwera ndi nkhani," anatero atcheya. "Ku fakitale amva zimene zinachitika. Dalaivala uja pakamwa pake sipatsekeka. Akuti gulu limene limabweza lokha katundu woipa ndi limene akulifuna. Atumizanso lole mwezi wamawa, koma akuti mwayi wina sudzakhalaponso."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero a Mphuno, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inawala.

"Vuto ndi tebulo lija. Tayesa amayi onse, wina ndi wina. Uyu amva palafini koma mankhwala osamva, uyu aponya kumbali ndi abwino omwe. Mabotolo aunjikana mpaka kudenga, chigayo chili chete. Tinakhala pansi dzulo, ndipo gulu landituma kuno."

A Mphuno sanadikire kuti amalize. Anadzuka ngati mtsikana n'kulowa m'nyumba. Munamveka kukoka zinthu pansi pa bedi. Anatuluka ndi jombo zawo za kuntchito, n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kuvala.

"Ndinadziwa, mnzanga," ankatero akuseka, misozi ili m'masaya. "Ndinadziwa kuti simunganditaye. Mphuno sinabwerere, sindikunamizaninso, koma maso ndili nawo. Ndikhoza kuphunzitsa atsikana monga munanenera. Tiyeni, tisachedwe."

Atcheya anayang'ana pansi. Anapotokola ngodya ya nsalu yawo, n'kuimasula, n'kuipotokolanso.

"Mnzanga, lamulo silinasinthe. Amayi akana. Sindinadzere inu. Ndadzapempha mwanayu kuti akakhale pa tebulo lija."

Kabotolo anali ataima pa chingwe, malaya onyowa a mlongo wake ali m'manja. Madzi ankadontha pamapazi pake.

A Mphuno anatsala phazi limodzi lili m'jombo, lina lili pansi. Kenaka anawerama n'kuvula jomboyo pang'onopang'ono. Anaziphatikiza zonse ziwiri, n'kuzipukuta fumbi ndi chikhato, n'kuzikankhira kumene kunali mwana wawo.

"Ziyese," anatero osakweza maso. "Mwina zikukwana."

Atcheya ankadikira yankho. Kabotolo anayang'ana jombozo, n'kuyang'ana mayi ake, ndipo mapazi ake anakana kusuntha.